Chikalata cha Zofuna Zathu: Phunzitsani Anamwino Kuti Atiphunzitse Kudzisamalira pa Matenda a Mgonagona

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo ndi Chisamaliro cha Ana, Harare

Kudzera kwa Mkulu wa Zaumoyo m'chigawo cha Mashonaland Central ndi Mkulu wa Zaumoyo m'boma la Bindura

Makope apite ku khonsolo ya tauni ya Bindura, khonsolo ya kumidzi ya Bindura, bungwe la NSSA, akuluakulu a migodi ya Trojan ndi Freda Rebecca, ndiponso aphungu a madera athu

Olemekezeka,

Ife amene tasaina ndi kudinda zala kumapeto kwa chikalatachi ndife anthu a m'makomboni a migodi ya ku Bindura ndi m'malokeshoni a Chipadze ndi Chiwaridzo. Ena mwa ife ndi amuna amene tinalowa pansi pa nthaka ku Trojan, ku Freda Rebecca, ku Shamva ndi ku Madziwa mpaka mphamvu zitatithera. Ena ndi amayi amasiye. Ena ndi ana ndi adzukulu amene tikudwazika makolo. Mizu ya ambiri a ife ili ku Malawi, ena kum'mawa kwa Zambia, ena ku Tete. Makolo athu anafika kuno m'nthawi ya atsamunda, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ntchito ndi Mthandizi. Ife tinabadwira kuno, tikukalambira kuno, ndipo manda a makolo athu ali kuno.

Talemba potsamira ndime 59 ya Malamulo oyendetsera dziko a 2013, imene imapatsa munthu aliyense ufulu wopereka dandaulo kwa olamulira mwamtendere. Talemba m'Chichewa chifukwa ndime 6 ya malamulo omwewo imachiwerengera pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno, ndipo imalamula boma kuganizira chilankhulo chimene anthu amamva bwino likamachita nawo zinthu. Maziko a zofuna zathu ndi ndime 76. M'ndimeyi muli mawu apadera onena za munthu wodwala matenda a mgonagona, akuti ali ndi ufulu wolandira chithandizo choyambirira cha matenda akewo. Mawuwo amanena za munthu aliyense, osafunsa kuti chiphaso chake chalembedwa chiyani kapena kuti agogo ake anachokera kuti. Ndime 82 nayo imati anthu opitirira zaka 70 ayenera kulandira chithandizo chamankhwala kuchokera ku boma.

Matenda amene atigwira mukuwadziwa: kuthamanga kwa magazi (BP), shuga, mphumu, khunyu, mtima, impso, ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi. Matendawa sachira monga amachirira malungo. Munthu amakhala nawo mpaka tsiku lake. Ku kiliniki amakaonekera kamodzi pamwezi kapena pa miyezi ingapo, n'kukhala ndi namwino mphindi zochepa. Masiku ena onsewo ali kunyumba, ndipo amene amasankha kuti piritsi limwedwe kapena lisamwedwe, mchere uthiridwe wochuluka bwanji m'ndiwo, chilonda cha kuphazi chipite kuchipatala lero kapena chidikire, ndi wodwalayo ndi womudwazika wake. Ntchito yaikulu ya chithandizo ili m'manja mwathu, koma palibe amene anatiphunzitsa kuigwira. Anamwino athu nawo anaphunzitsidwa kuyeza, kulemba m'buku ndi kupereka mankhwala, pamene luso lophunzitsa wodwala kudzisamalira silinapatsidwe malo okwanira. Dandaulo lathu lagona pamenepa.

Tisanafike pa zofuna, tikuuzeni zimene timaona m'nyumba zathu. Sititchula kiliniki kapena namwino aliyense, chifukwa sitinalembe kuti wina aimbidwe mlandu.

Bambo wa BP amamwa mankhwala mutu ukamawawa, ukasiya iyenso amasiya. Sanauzidwe kuti magazi amathamanga mwakachetechete, munthu akudzimva bwinobwino, mpaka tsiku limene agwa n'kufa ziwalo mbali imodzi. Mayi wa shuga amamwa glibenclamide m'mawa m'nyumba mopanda chakudya, masana n'kuyamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, kulankhula zosamveka. Apabanja amayamba kupemphera kapena kuthamangira kwa sing'anga, chonsecho madzi osungunuliramo shuga akanamudzutsa akadali wotha kumeza. Iwo anangomva kuti wodwala shuga asalawe shuga, ndiye amamumana pa nthawi yomwe akuifunitsitsa. Agogo wa mphumu amapopera mankhwala m'kamwa osadziwa nthawi yokoka mpweya, mankhwala onse n'kuthera palilime. Mnyamata wa khunyu akagwa anthu amamutsekera supuni m'kamwa, ena amathawa poopa kuti malovu ake awapatsira. Wina ndalama zikachepa amadula piritsi pakati kuti lifike kumapeto kwa mwezi, kapena amabwereka la mnansi poona kuti mtundu wake ndi wofanana. Ndipo alipo amene anadulidwa mwendo chifukwa cha kachilonda koyamba ndi msomali wa mu nsapato, kamene sanakamve n'komwe popeza shuga anali atapha kale mitsempha ya kuphazi. Palibe anamuvulapo nsapato kuti aone mapaziwo, ndipo palibe anamuuza kuti aziwayang'ana yekha madzulo alionse.

Mwina mufunsa kuti bwanji osafunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mwambiwu timaudziwa. Koma amuna athuwa anakulira pa ntchito imene kufunsa kapitawo kunali kuputa mlandu, ndipo amayi athu anazolowera kuti munthu wovala yunifolomu sayankhidwa. Onjezerani zaka zambiri zimene zitupa zathu zinkatitcha alendo. Munthu wotere akauzidwa zinthu mothamanga m'Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, pamzere pali anthu ambiri akudikira, amangoti "inde" n'kutuluka. Ambiri a ife Chishona timachilankhula, koma kugula tomato pamsika n'kosiyana ndi kumvetsa za impso, makamaka kwa okalamba amene moyo wawo wonse unathera m'komboni.

Kale mgodi unali ndi kiliniki yake, ndipo wantchito ndi banja lake ankadalira pamenepo. Mgodi wa Madziwa unatsekedwa. Wa Trojan unaima mu 2008, unayambiranso patapita zaka, n'kuimanso mu 2023. Ntchito ikatha, chithandizo chimene chinkabwera ndi ntchitoyo chimatha nayo. Penshoni za ambiri zinasungunuka ndi kugwa kwa ndalama mu 2008 ndi kusintha kwake mu 2009, nkhani imene komiti ya Justice George Smith inapatsidwa kuti ifufuze mu 2015. Ife tilibe mudzi kuno woti tikalime tikapuma ntchito. Choncho kiliniki yapafupi ndiye dokotala wathu yekhayo. Amene ana ake ali ndi kangachepe amakwera basi kupita ku chipatala cha Karanda kapena cha Howard, kapena ku Harare komwe kuli mtunda wa makilomita pafupifupi 90, koma matenda a tsiku ndi tsiku sangasamalidwe ndi ulendo wa kamodzi pachaka.

Chimene chikutilimbitsa mtima n'chakuti dziko lino linachitapo kale zomwe tikupemphazi. Pa matenda a Edzi, munthu asanayambe ma ARV amakhala pansi ndi mlangizi, kuphunzitsidwa chifukwa chomwera mankhwala tsiku lililonse, kusankha womukumbutsa, kuuzidwa tanthauzo la zotsatira za magazi ake. Akasowa ku kiliniki amatsatidwa. Akakhazikika amalandira mankhwala a miyezi ingapo, kapena amalowa m'gulu la CARG momwe mmodzi amakatengera anzake onse. Nzeru ya magulu oterewa inayambira ku Tete mu 2008, kwawo kwa ena mwa ife, pamene a MSF ndi azaumoyo a ku Mozambique analola odwala kusinthana maulendo a kuchipatala. Achinyamata a Zvandiri amalangiza achinyamata anzawo. Agogo aakazi a Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare, anaphunzitsidwa kuthandiza anthu olemedwa maganizo, ndipo maiko ena akubwera kudzaphunzira kwa iwo. Lero m'makomboni mwathu mayi amene ali ndi kachilombo komanso BP amadziwa bwino za ma ARV ake, koma dzina la piritsi lake la BP salidziwa, nambala imene ayenera kufikira saidziwa. Thupi ndi limodzi, kiliniki ndi imodzi, namwino ndi yemweyo.

Pa shuga ndi BP penipenipo zitsanzo zilipo. Kuyambira 2016 a MSF pamodzi ndi unduna wanu anayesa ku Chipinge njira yoti anamwino a m'makiliniki akumidzi aziyeza, kuyambitsa mankhwala ndi kutsata odwala shuga ndi BP, akulangizidwa pa ntchito pomwepo. Ku Neno, ku Malawi, kuyambira 2015 unduna wa zaumoyo wa kumeneko ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphatikiza kiliniki ya ma ARV ndi ya matenda ena a mgonagona kuti wodwala athandizidwe zonse pa ulendo umodzi. Bungwe la WHO lili ndi ndondomeko ya PEN yolembedwera zipatala zing'onozing'ono za m'maiko osauka, ndipo mu 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa zinavomereza PEN-Plus pa msonkhano wa ku Lomé. Kafukufuku wa STEPS wa 2005 anaonetsa kale kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa khumi m'dziko muno ali ndi shuga, ndipo oposa mmodzi mwa anayi ali ndi BP. Zaka zapita zambiri chichitikireni kafukufukuyo.

Tsono zofuna zathu ndi izi.

Choyamba, ndipo ndicho chachikulu: onse ogwira ntchito m'makiliniki a tauni, a kumidzi ndi a m'migodi m'boma la Bindura aphunzitsidwe luso lothandiza wodwala kudzisamalira. Tikati onse tikunena anamwino akuluakulu, anamwino a PCN, othandizira anamwino, opereka mankhwala pawindo, alangizi, ndi azaumoyo a m'midzi ndi m'makomboni. Wopereka mankhwala asaiwalike, pakuti ndiye womaliza kulankhula ndi wodwala. Maphunzirowa asakhale a masiku awiri kuhotela, kumene amapita munthu mmodzi n'kubwera ndi satifiketi, mawa lake n'kusamutsidwa. Tikufuna achitikire pa kiliniki pomwepo, mlangizi wochokera kuchipatala chachikulu cha chigawo azibwera mwezi ndi mwezi, kukhala pambali pa namwino akuona odwala enieni, kenako n'kukambirana naye. Luso limeneli lilowenso m'maphunziro a m'sukulu za anamwino ndipo lizifunsidwa pa mayeso.

Zoti aphunzire tikuzidziwa chifukwa ndi zomwe timazisowa. Aphunzire kufunsa asanalangize: mumadya chiyani kunyumba, amaphika ndani, mankhwala mumasunga pati, mwezi uno mwadumphitsa kangati ndipo chifukwa chiyani. Afunse mosakalipa, poti wokalipiridwa amanama, ndipo namwino wonamizidwa amawonjezera mankhwala pachabe. Akafotokoza chinthu, apemphe wodwala kuti abwereze m'mawu ake, kapena aonetse ndi manja momwe akakokere insulini mu jakisoni ndi momwe akapopere mankhwala a mphumu. Asamupatse malamulo khumi tsiku limodzi. Agwirizane naye chinthu chimodzi chotheka, monga kuchotsa mchere wapambale kapena kuchepetsa masupuni a shuga mu tiyi, ulendo wotsatira n'kufunsa kuti zinayenda bwanji. Alembe m'buku la wodwala nambala ya BP ya lero pambali pa nambala yoyenera kufikira, yomwe kwa ambiri ndi yotsika kuposa 140/90, n'kumuuza tanthauzo lake. Wodwala shuga aliyense avulidwe nsapato. Aphunzitse banja lonse zizindikiro zosayenera kugona nazo m'nyumba: pakamwa kupotoka, dzanja kulefuka, mawu kusokonekera, kupweteka pachifuwa, kubanika, chilonda chosintha mtundu.

Pa nkhani ya chakudya tikupempha kuti tisamapatsidwe malangizo a anthu olemera. Kuuza mayi wamasiye wa m'komboni kuti azidya buledi wabulauni ndi maapulo n'kumuuza kuti chithandizo si chake. Iye ali ndi nsima, matemba, nkhwani, bonongwe, therere, nyemba, mbatata ndi maheu. Namwino adziwe kumuuza kukula kwa mtanda wa nsima woyenera, ubwino wa mgaiwa poyerekeza ndi ufa woyera, kuti matemba amchere aziviikidwa ndi kutsukidwa asanaphikidwe, kuti timakyubu tokometsera ndiwo tadzaza mchere, kuti mchere wonse wa tsiku usapitirire magalamu 5, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi. Adziwenso chomuuza wodwala shuga tsiku limene m'nyumba mulibe chakudya, chifukwa masiku otere alipo, ndipo piritsi lina limapha likamwedwa ndi njala. Magetsi amazima kawirikawiri ndipo ambiri tilibe firiji, choncho aphunzitse kasungidwe ka insulini mu mtsuko wadothi wozizira. Kwa a mphumu, madokotala a ku Cape Town anasonyeza kalekale kuti botolo lapulasitiki la 500 ml lobooledwa bwino limathandiza mankhwala opopera kufika m'mapapo. Nzeru zotere sizifuna ndalama zambiri, zimangofuna woziphunzitsa.

Pali nkhani zina zimene wodwala sangaziyambitse yekha. Pakati pathu pali Asilamu ambiri, makamaka a mtundu wa Chiyawo, amene amasala m'mwezi wa Ramadan, ndiponso Akhristu amene amasala kudya kumapiri. Wodwala shuga wosala kudya ayenera kukambirana ndi namwino mwezi usanafike, osati kubisa. Ambiri amamwa mankhwala azitsamba kapena madzi opemphereredwa pamodzi ndi a kuchipatala, ena amasiyiratu a kuchipatala atauzidwa kuti achira. Namwino wonyoza zimenezi sauzidwanso kanthu. Alipo abambo amene anasiya mankhwala a BP chifukwa anaona kuti mphamvu za m'nyumba zachepa, ndipo sanganene zimenezi kwa namwino wamsinkhu wa mwana wawo chitseko chili chotsegula. Palinso mowa, fodya, ndi kulemedwa mtima kwa munthu amene anali wamphamvu lero akuchita kusambitsidwa. Azaumoyo aphunzitsidwe kuzitsegula nkhanizi mwaulemu ndi mwachinsinsi.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Pa kiliniki iliyonse yotumikira makomboni a migodi ndi mapulazi pakhale munthu mmodzi wolankhula Chichewa amene waphunzitsidwa, kaya ndi namwino, mlangizi kapena wazaumoyo wa m'komboni. Mdzukulu wa giredi 5 asamakhale womasulira za matenda a agogo ake. Timapepala ta malangizo ndi zolembedwa pa timatumba ta mankhwala zikhale m'Chichewa ndi m'Chishona, zokhala ndi zithunzi za dzuwa ndi mwezi kwa osadziwa kuwerenga. Posankha azaumoyo a m'madera, ana a m'makomboni aganiziridwe.

Chachitatu ndi nthawi. Tikudziwa kuti anamwino ambiri anapita kunja kukafuna malipiro abwino, ndipo otsalawo amagwira ntchito ya anthu angapo. Kumuphunzitsa namwino luso latsopano n'kumusiya ndi mzere womwewo n'kumusenzetsa katundu wina basi. Choncho tikufuna tsiku lokhazikika pa sabata la matenda a mgonagona, loyamba ndi phunziro la pagulu anthu akudikira. Wodwala amene nambala zake zakhazikika azilandira mankhwala a miyezi itatu, ndipo magulu onga a CARG aloledwe kwa a BP, a shuga ndi a khunyu. Amene ali pa ma ARV komanso ali ndi matenda enawa athandizidwe zonse tsiku limodzi, m'chipinda chimodzi. Mzere ukafupika, namwino adzapeza mphindi zokhala pansi ndi amene zinthu sizikumuyendera. Tikupemphanso kuti malo a anamwino amene ali opanda anthu m'makiliniki athu adzazidwe.

Chachinayi ndi zipangizo ndi mankhwala. Maphunziro sathandiza ngati makina oyezera BP alibe mabatire, ngati timapepala toyezera shuga tatha, ngati wodwala wamvetsa zonse koma wauzidwa kuti akagule yekha ku famase ndi madola amene alibe. Mankhwala oyambirira amene ali kale pa mndandanda wa EDLIZ, monga HCT, amlodipine, enalapril, metformin, insulini ndi majakisoni ake, salbutamol ndi mankhwala a khunyu, azipezeka nthawi zonse pa kiliniki. Wazaumoyo aliyense wa m'komboni akhale ndi makina oyezera BP. Wodwala wobaya insulini akhale ndi koyezera shuga kunyumba. Lamulo loti opitirira zaka 65 asalipire m'zipatala za boma litsatidwe paliponse, ndipo okalamba amene zitupa zawo zili ndi vuto asabwezedwe pakhomo. Za ndalama tikuti: dziko lino linakhazikitsa msonkho wa Edzi wa 3 peresenti, ndipo unathandiza. Mu 2024 boma linayamba kutolera msonkho pa zakumwa zotsekemera. Tikupempha kuti gawo lina la msonkho umenewu lipite ku maphunziro, zoyezera ndi mankhwala a shuga ndi BP m'makiliniki ang'onoang'ono, poti shuga wa m'zakumwazo ndi mmodzi mwa oyambitsa matendawa. Thandizo la maiko akunja linagwedezeka mu 2025, ndipo ntchito iyi isamangidwe pa thandizo lotero lokha.

Chachisanu chikukhudza ife a kumigodi mwapadera, ndipo tikuchilunjika kwa a NSSA ndi eni migodi pamodzi ndi unduna. Fumbi la mwala likalowa m'mapapo silituluka. Matenda ake, silicosis, sachira, amapitirira kukula ngakhale munthu atasiya ntchito kalekale, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu cha TB. Lamulo la Pneumoconiosis Act lilipo, ndipo atsogoleri a maiko a SADC anasainirana mu 2012 chikalata cholimbana ndi TB m'migodi. Koma munthu akachoka pa ntchito amasowa pomufunsa za mapapo ake. Tikufuna kuti namwino aliyense m'dera lino aphunzitsidwe kufunsa wodwala chifuwa kuti anagwirapo mumgodi, zaka zingati, ntchito yanji, ndipo yankho lilembedwe m'buku. Adziwe kusiyanitsa wofunika kuyezedwanso TB ndi wofunika kutumizidwa ku X-ray, adziwe njira yofikira ku chipukuta misozi, ndipo aphunzitse wodwalayo kapumidwe kochepetsa kubanika, kuipa kwa fodya ndi utsi wa nkhuni m'nyumba, ndi zizindikiro zoti athamangire kuchipatala. Galimoto yojambula m'chifuwa izifika m'makomboni kamodzi pachaka kwa onse amene anagwirapo mumgodi. Ana athu ambiri tsopano akukumba golide paokha ku Kitsiyatota ndi m'malo ena, akuboola mwala wouma popanda chotchinga pamphuno, akuwotcha mekyule ndi manja awo. Amenewa ndi odwala a mawa, ena ndi odwala kale ali achinyamata, ndipo asaopsezedwe akafika ku kiliniki. Migodi imene ikugwira ntchito ithandize kulipira maphunziro a azaumoyo ndi zoyezera, ndipo makiliniki ake atsegulire zitseko opuma ntchito ndi amayi amasiye pa matenda a mgonagona.

Chachisanu ndi chimodzi: odwala enieni tikhale mbali ya ntchitoyi. Pakati pathu alipo amene akhala ndi shuga zaka zambiri ali ndi miyendo yonse iwiri ndi maso oona. Amenewa aphunzitsidwe, apatsidwe kangachepe, azithandiza anzawo monga amachitira alangizi a ma ARV. Mu komiti ya kiliniki iliyonse mukhale mpando wa wodwala matenda a mgonagona kapena womudwazika. Owadwazika, amene ambiri ndi amayi ndi atsikana osiyira sukulu panjira, aziitanidwa ku maphunziro, aphunzitsidwe katembenuzidwe ka wofa ziwalo kuti asatuluke zilonda, ndipo nawonso azifunsidwa za umoyo wawo.

Chotsiriza ndi kuwerengera. Kiliniki iliyonse ikhale ndi kaundula wa odwala matendawa, ndipo wosowa pa tsiku lake azitsatidwa. Miyezi itatu iliyonse komiti ya kiliniki iziuzidwa poyera, popanda kutchula maina, kuti olembedwa ndi angati, amene BP kapena shuga wawo watsika kufika poyenera ndi angati, amene anayezedwa mapazi ndi angati, ndipo ndi masiku angati amene mankhwala anasowa. Tisauzidwe chiwerengero cha anamwino amene anapita ku maphunziro chokha. Tikufuna kudziwa ngati odwala akupeza bwino.

Ifenso tili ndi zathu zoti tichite, ndipo tikulonjeza pamaso panu. Mipingo yathu, ya CCAP, ya Katolika ndi ina, pamodzi ndi mizikiti, ipereka malo ochitira maphunziro ndi nthawi yolengeza. Mabungwe athu a maliro, amene amasonkhana mwezi ndi mwezi ndipo amadziwa khomo lililonse, ali okonzeka kuti pa misonkhano yawo pazikhala kuyeza BP. Akuluakulu a Gule Wamkulu amamvedwa ndi amuna amene safika kutchalitchi kapena ku kiliniki, ndipo tikawapempha kuti uthengawu audutsitse kumeneko. Tipereka anthu othandiza kumasulira timapepala m'Chichewa chomveka kwa okalamba athu. Tidzasunga masiku athu a ku kiliniki, tidzanena zoona tikadumphitsa mankhwala, ndipo tidzalemekeza anamwino amene akutitumikira m'nyengo yovuta.

Tikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 60 chilandirireni chikalatachi, lofotokoza chofuna chilichonse pachokha: chimene mwavomera, tsiku loyambira, ndi ofesi imene tizikafunsako. Chimene simungathe, mutiuze chifukwa chake. Tikupemphanso kuti Mkulu wa Zaumoyo m'chigawo aitanitse msonkhano kuno ku Bindura, m'komboni kapena m'lokeshoni, kumene okalamba oyenda ndi ndodo angafike, ndipo pakhale oimira makhonsolo onse awiri, NSSA, migodi ndi anamwino eni ake. Pa msonkhanowo tigwirizane makiliniki oyambira, kuti pomatha miyezi 12 maphunziro akhale atayamba ndipo zotsatira zoyamba zikhale zitawerengedwa. Nthawi imeneyi ikadutsa tisanamve kanthu, tidzatengera chikalatachi ku Nyumba ya Malamulo monga ndime 149 ikutilolera.

Maina athu, masaini ndi zidindo za zala zili pa mapepala amene talumikiza, komboni iliyonse ndi lokeshoni iliyonse payokha, ndipo pa tsamba loyamba pali nthumwi zimene tasankha kuti zilandire yankho lanu.

Ndife anu mwaulemu,

Odwala matenda a mgonagona, owadwazika, opuma ntchito m'migodi ndi amayi amasiye a m'dera la migodi ya Bindura